Sabata imene magetsi a atate anavala zipewa

Ine chimene ndinachita ndi kulankhula chiganizo chimodzi basi. Sindinadule waya, sindinazule batire, sindinamasule ngakhale sikuluu imodzi. Ndikunena zimenezi poyamba chifukwa kwathu nkhaniyi aliyense amaifotokoza mwake, ndipo mwa onsewo wolakwa ndimakhala ine.

Zinachitika chaka chatha, ndili mu giredi 10. Timakhala kumapeto kwa komboni ya Kapata, kumene mapuloti akadali aakulu moti munthu n'kulima. Atate anaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndipo atapuma pantchito ya boma anapeza ina pa kasukulu ka munthu wina. Amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Chimene amakonda kuposa ife ana awo ndi dimba la kumbali kwa nyumba: repu, tomato, anyezi, ndi mizere iwiri ya maluwa amene palibe amaloledwa kuwanunkhiza.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo wina wachisilamu, mwini sitolo ya zitsulo ndi zamagetsi m'tauni. Makolo ake anachokera ku Malawi kalekale. Atate amawatchula kuti aneba, iwo amatchula atate kuti aphunzitsi, ife ana timati amalume. Pampandapo pali mpata woti munthu n'kudutsa chammbali, ndipo pampata pamenepo pamadutsa mbale imodzi yachitsulo, ya maluwa ofiira, imene palibe akukumbukira mwini wake. Ikabwera ndi mpunga imabwerera ndi mapeyala, ikapita ndi tomato imabwera ndi zitumbuwa. Siinawolokepo mpandawo yopanda kanthu.

Palinso china. Chibadwire changa, nkhuku ya kwathu siinafepo ndi mpeni wa kwathu. Atate ndi mkulu wa mpingo, koma nkhuku ikafuna kuphedwa amaitana amalume. Iwo amabwera ndi mpeni wawo, amayang'ana kumene amayang'ana popemphera, amanena mawu awo chapansipansi, n'kuizinga. Amatero kuti ndiwoyo ikapsa iwonso athe kudya. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti ndi lamulo la boma, kuti aphunzitsi saloledwa kupha nkhuku.

Nkhani ya magetsi inayamba atate atagwera m'tomato. Malaiti anali atapita monga mwa masiku onse, iwo n'kutuluka madzulo kukatseka mpopi wa kudimba, mwendo n'kukola pa paipi. Anathyola mitengo itatu ya tomato, ndipo za bondo lawo sanadandauleko n'komwe. Amalume atamva anati ku sitolo kwafika nyali za sola zabwino, zoyaka zokha kukada, zozima zokha kukacha. Loweruka lotsatira anabwera nazo zisanu ndi chimodzi, ndi mapaipi achitsulo oimikirapo, ndi simenti pang'ono m'ndowa.

Amayi tsikulo kunalibe. Anali ku Kasenengwa kwa ang'ono awo, kukathandiza za mtedza. Musaiwale pamenepa.

Ntchito ya ola limodzi inatenga tsiku lonse, chifukwa atate sakumba dzenje asanayeze. Anamanga chingwe kuchokera pa mpopi kufika pa mtengo wa mango, anayeza ndi tepi, anazika timitengo posonyeza pamene mthunzi umafika m'mawa ndi pamene umafika masana. Amalume anakhala pa ndowa yotembenuza akudikira.

"Aphunzitsi, awa si mayeso a boma. Ndi nyali chabe."

"Aneba, inu mumagulitsa dzuwa koma simulidziwa. Tsamba limodzi likaphimba kagalasi aka, batire silikhuta."

"Ndiye tsamba limenelo mulilembe m'buku la ochedwa."

Ine ndinali wogwira chingwe, ndipo ndinkamva zonse. Nyali iliyonse inali ndi kagalasi kakuda pamwamba, kodya dzuwa, ndipo babu linali kunsi kwake. Mapaipi anawaimika ofika pachifuwa cha munthu wamkulu, kuti kuwala kuzigwera pa ndiwo. Dzuwa litalowa tinaima pakhonde, nyali zija n'kuyamba kuyaka imodzi imodzi popanda wozikhudza. Repu anaoneka wobiriwira ngati wa pa TV. Atate anavula magalasi awo, anawapukuta, n'kuvalanso.

"Lachitatu mapemphero a mlaga ali kuno," anatero. "Tidzakhala panja."

Mawa lake masana, tikuchokera ku tchalitchi, ndinaika dzanja pa kagalasi ka nyali imodzi, kungofuna kumva ngati katentha. Nyali ija inayaka. Ndinachotsa dzanja, inazima. Ndinabwereza katatu. Kansi chinthucho chilibe wotchi, chimangoti kagalasi kakachita mdima, chati kwada. Ndiye ukachiphimba tsiku lonse, batire sililandira kanthu, komanso limathera kuunikira masana. Sayansi ya giredi 10 imeneyo. Ndinaisunga mumtima, ndisanadziwe kuti ndidzatani nayo.

Amayi anafika madzulo a tsiku lomwelo ndi thumba la mtedza. Tsono muyenera kuwadziwa amayi anga. Anakulira pa mishoni, ndipo kumeneko anaphunzira kuti chinthu chaulemu sichikhala chosavala. TV yathu ili ndi nsalu yake, wailesi ili ndi yake, firiji ili ndi yake yofika m'mbali. Makina osokera ali ndi diresi. Ngakhale rimoti ili ndi kathumba kake koluka, moti kusintha tchanelo kwathu ndi ntchito ya manja awiri. Mdani wawo wamkulu ndi fumbi, ndipo imeneyo inali nyengo ya mphepo, fumbi la mumsewu likuwoloka mpanda ngati lili ndi puloti kwathu.

Lolemba m'mawa, atate atachoka, ndinawapeza amayi ataima kudimba ndi tsache. Anadutsitsa chala pa kagalasi kamodzi, n'kuyang'ana chalacho. Ine ndinali nditavala kale yunifomu, chikwama chili kumsana. Ndinaima pambali pawo ndipo ndinati:

"Koma amayi, zinthu zabwino chonchi, tsiku lonse pa fumbi?"

Chiganizo chake ndi chimenecho. Werengani mawuwo, muone ngati muli bodza.

Pobwera kusukulu ndinapeza nyali zonse zisanu ndi chimodzi zitavala tizipewa. Amayi anali atadula bulangeti lakale, nalikuta ndi chitenje cha mpingo, nasoka lasitiki m'munsi kuti mphepo isaulutse. Kachipewa kalikonse kanaphimba mutu wonse wa nyali, ndipo kutsogolo kunali kaduwa kopeta. Zinkaoneka ngati amayi a chigwirizano asanu ndi mmodzi aima m'repu akudikira nyimbo. Ndinathawira kuchimbudzi kukasekera kumeneko, ndikudziluma dzanja.

Cha m'ma 16 awazi, folo koloko madzulo, amayi anavula tizipewa tija, anatikung'untha, natipinda m'kabati, kuti nyali zikhale zokonzeka kuyaka. Atate pofika anapeza timagalasi tonyezimira, topanda ndi kafumbi komwe. Amayi sanatchule kanthu. Akanatchuliranji? Kodi amawauza atate akaphimba wailesi?

Madzulo amenewo nyali zinayaka mofooka ngati makandulo, ndipo tisanamalize kudya zinali zitazima. Atate anati mwina kunali mitambo. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Lachiwiri zinaphethira kawiri n'kufa. Atate anazungulira dimba ndi tochi ya pa foni, akugogoda mapaipi.

Ine mmene ndinakonzera, nkhani inayenera kuthera pamenepo. Lachitatu m'mawa ndikanati, "Amayi, mwina zimafuna mpweya," basi. Koma ndinakumbukira za mapemphero aja, ndipo ndinafuna kuona. Sindibisa. Ndinafuna kuona.

Anthu a mlaga, akhristu anzathu a dera lathu, anafika dzuwa likulowa, khumi ndi angapo, malaiti atapita kale. Atate anali atandandalika mipando moyang'ana kudimba. Nyali imodzi anali ataimasula n'kuimanganso, ndipo ankakhulupirira kuti vuto latha. Tinaimba nyimbo yoyamba kukuchita chisisira. Tinaimba yachiwiri, mabuku osaonekanso. Atate ankaimba maso ali kudimba. Kunada bii. Wowerenga Mawu anachita kubwereka foni yanga kuti aone vesi, ndipo vesi lake linali lija la nyali ya kumapazi. Ine ndinatsokomola mpaka mayi wina anandimenya pamsana.

Potsanzikana, mkulu wina wa mpingo, amene sakondwa ndi ubwenzi wa atate ndi amalume, anagwira atate paphewa.

"Musadandaule, akulu. Wamalonda ndi wamalonda. Zabwino amagulitsa kwa alendo, zotsala amapereka kwa aneba."

Mawu amenewo atate anagona nawo.

Lachinayi m'mawa anazula mutu wa nyali imodzi n'kuupereka pampata paja. Amalume anapita nawo ku sitolo, anauika padenga tsiku lonse, ndipo madzulo anaubweretsa ukuwala ngati wa pa filing'i siteshoni. Anali akuseka, osadziwa kuti kwathu kulibe woseka.

"Aphunzitsi, iyi ilibe matenda. Mwina ndi dzuwa la kwanu lomwe lili lofooka."

"Mwasintha batire."

"Ndasintha chiyani?"

"Mwaika batire latsopano kuti ine ndioneke wopusa. Ndaphunzitsa magetsi inu musanayambe kuwagulitsa."

Ndinali pazenera la kukhitchini. Amalume anayang'ana atate nthawi yaitali. Kenako anaika nyali ija pansi, mbali ya kwathu, n'kubwerera kwawo. Chibadwire ndinali ndisanamvepo awiriwa akulankhulana opanda nthabwala pakati.

Mawa lake linali tsiku la Idi, ija amapha mbuzi. Chakumadzulo mwana wamkazi wa amalume anabweretsa mbale ija monga chaka chilichonse, yodzaza nyama, yophimbidwa ndi nsalu yoyera. Amayi anailandira ndi manja awiri, natsanulira nyama mu poto, natsuka mbale, n'kuyamba kusankha mapeyala akupsa. Atate anafika ali pakati posankha.

"Mbaleyo ibwerere momwemo."

"Momwemo bwanji, abambo?"

"Momwemo. Iwe, kapereke."

Iweyo ndinali ine. Ndinayang'ana amayi, iwo anayang'ana pansi. Mbale yopanda kanthu ndi yopepuka, koma ndinainyamula ngati ndowa ya simenti. Pampata ndinakumana ndi akazi a amalume, amene timawatchula kuti anti. Analandira, anakweza kansalu, anayang'ana mkati. Anandiyang'ana. Kenako anaphimbanso bwinobwino, kuti alendo awo amene anakhala pakhonde asaone, ndipo anati, "Zikomo, mwanangu. Ukapereke moni."

Pamenepo ndiye ndinachita mantha. Ine ndinkafuna kuona atate akugogoda mapaipi, osati izi. Ndinabwerera nditatsimikiza kuulula. Ndinafika mpaka pakhomo la pabalaza. Atate anali atakhala osawerenga nyuzi imene anagwira, nkhope ili ngati ya tsiku limene ndinaika chule m'chikwama cha mlongo wanga, kuwirikiza kakhumi. Ndinafunsa ngati akufuna tiyi. Anati ayi. Ndinati ndidzanena mawa.

Loweruka m'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso la chitsulo pamwala. Ndinatuluka kuseri kwa nyumba n'kupeza atate atagwada, akunola mpeni wa kukhitchini, uja timadulira repu. Tambala wa ndiwo ya Lamlungu anali atamangidwa miyendo pambali pawo.

"Atate, ndikawaitane amalume?"

"Nkhuku ndi yanga, mpeni ndi wanga."

Amayi anaima pakhomo ndi tsache, dzanja lili pakamwa. Anatembenuka n'kupita kukasesa kudimba, kuti asaone. Ine ndinatsala pomwepo. Ndinadziwa kuti tambalayo akangofa ndi mpeni umenewo, ndiwo yake siingawoloke mpanda, ndipo amalume adzamva fungo lake Lamlungu n'kudziwa. Mbale yopanda kanthu ukhoza kunena kuti unaiwala. Izi ayi.

Chinatipulumutsa ndi chakuti atate sadziwa kupha nkhuku. Anaiwerengapo m'mabuku, mitsempha yake yonse akhoza kukujambulirani pabolodi, koma kuiponda mapiko sanachitepo. Anamasula chingwe cha miyendo kuti aigwire bwino. Tambala anawamenya phiko kumaso, magalasi anagwa, ndipo analiyatsa liwiro kuzungulira nyumba. Atate pambuyo, mpeni kumanja, ine pambuyo pa atate. Tambala anadutsa pakati pa anyezi, analowa pampata paja, n'kuzimirira kwa amalume.

Atate anaima pakati pa dimba. Anavala magalasi. Loweruka limenelo linali tsiku loyamba sabata imeneyo kuti akhale pakhomo dzuwa lili pamwamba, ndipo amayi anali atangomaliza ntchito yawo ya m'mawa uliwonse. Nyali zonse zinali zitavala tizipewa, kaduwa kutsogolo.

Sindinaonepo munthu atayang'ana chinthu motero. Anayang'ana yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza, ngati akuwerenga mayina m'kalasi.

Nthawi yomweyo amalume analowa chammbali pampata, tambala ali m'khwapa. Anaona mpeni m'manja mwa atate poyamba, ndipo nkhope yawo inagwa. Kenako anaona zimene atate ankayang'ana. Anayandikira nyali imodzi, anakweza mpendero wa kachipewa, nasuzumira kunsi. Inali ikuyaka mofooka, dzuwa lili phwee. Anavula kachipewa, inazima. Anaveka, inayaka.

"Mayi a kunyumba," atate anatero, mawu ali ang'onoang'ono. "Izi n'chiyani?"

"Ndi za fumbi," amayi anayankha. "Simwaona mmene zikuwalira? Ndimavula 16 awazi tsiku lililonse."

"Kuyambira liti?"

"Lolemba."

Anti anali atafika pampanda, atamva phokoso la tambala. "N'zokongola, aphunzitsi," anatero. "Ine ndinaziona Lachiwiri, ndinapempha kale kuti andisokere za kwathu."

Amalume anatembenuka kuyang'ana akazi awo. Atate anayang'ana amayi. Amuna awiri odziwa magetsi, mmodzi wophunzitsa, wina wogulitsa, anali atatsala pang'ono kudana, pamene akazi awo ankabwerekana patani.

"Nzeru imeneyi inachokera kuti?" atate anafunsa.

"Mwana wanu wa sayansiyu ndiye anandikumbutsa," anatero amayi, mosaganiza kuti akundipereka. "Ali ndi mtima wosamala zinthu."

Maso anayi a amuna anagwera pa ine. Atate akudziwa magiredi anga a fizikisi, amasaina okha lipoti.

"Unadziwa?"

"Ndinangofunsa funso, atate. Mumati wophunzira wabwino amafunsa."

Amalume anatulutsa kamawu m'mphuno, n'kubisa nkhope m'nthenga za tambala. Mapewa awo ankagwedezeka. Atate sanaseke. Anayang'ana mpeni umene anagwira ngati wina wawaikira m'manja ali mtulo. Ndinawaona akufuna mawu, munthu amene amalalikira ola lathunthu opanda pepala.

"Aneba," anatero. "Ndinanena za batire. Ndiponso mbale ija..."

"Aphunzitsi, mpeni umenewo ndi wodulira repu. Mukanamuzunza tambala mpaka masana. Mwanangu, thamanga ukatenge wanga, uli pa zenera."

Ndinathamanga. Pobwera ndinapeza atate atagwira tambala miyendo, amalume akuwalangiza pogwira, ngati kuti zaka zonsezi sanaonereko. Amalume anayang'ana kumene amayang'ana, ananena mawu awo, ndipo tambala anafa mwaulemu wake.

Chilango changa anagamula awiri, atakhala pa ndowa. Atate ankafuna kundilanda foni mwezi wathunthu. Amalume anati ayi, mwana wosamala za fumbi chonchi asamuwononge luso. Ndiye mpaka lero, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndimapukuta timagalasi tonse ndi kansalu konyowa, ta kwathu ndi ta kwa amalume tomwe. Anandilamulanso kufotokozera amayi mmene sola imagwirira ntchito, ndi zojambula. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti chinthu chimene chimafuna kukhala pa fumbi kuti chigwire ntchito sanachipange munthu wolongosoka.

Lamlungu masana mbale ija inabwera kuchokera kwa anti ndi masamusa, ngati kuti Lachisanu silinachitike. Atate anaitenga okha kukhitchini. Anaikamo ntchafu zonse ziwiri, chidale, ndi nthutumba imene sapatsa munthu aliyense, n'kuwoloka nayo okha pampata, chammbali, malaya a ku tchalitchi akukola pa waya. Ife tinadya mapiko ndi khosi.

Amandifunsa ngati ndinapepesa. Kwa anti ndinapepesa, chifukwa cha mmene anaphimbira mbale ija. Kwa ena onse ndikudikirabe kuti wina andionetse bodza m'chiganizo changa. Tizipewa sitinatayidwe, amayi sataya chosoka. Kamodzi kali pa ketulo, kena kali pa mita ya madzi. Kachitatu ndinakatenga ine, ndipo Lachitatu lililonse mapemphero a mlaga akakhala kwathu ndimakavala kumutu potsegulira alendo geti. Mkulu wa mpingo uja anandifunsa kuti chipewa chokongolachi ndinagula kuti. Atate anali pambuyo panga, nyali zonse zikuyaka m'repu, ndipo ndi iwo amene anayankha.

"Kwa aneba," anatero. "Zabwino zonse timatenga kumeneko."